Loko amene sitinkamuona mkati mwa copy_to_user

Chizindikiro choyamba chinali chaching'ono. Mnzathu woyang'anira makina analemba ps kuti aone zomwe zikuyenda pa seva, lamulolo n'kuima pakatikati osamaliza. Analidula, n'kulembanso, linaimanso pamzere womwewo. Seva inali moyo ndithu: ping imayankha, ssh imalowa, disk inalibe chovuta. Koma pulogalamu yotolera deta inali itasiya kulemba, kill -9, lamulo lopha pulogalamu mokakamiza, sinaigwedeze mpang'ono pomwe, ndipo load average (chiwerengero cha ntchito zoyenda ndi zodikira) inkangokwera pomwe ma CPU anali chikhalire. Anazimitsa makinawo n'kuwayatsanso, zonse zinabwerera mwakale. Patadutsa masiku angapo zinachitikanso, kenako zinayambika pa seva ina.

Ndikulemba nkhaniyi makamaka chifukwa cha chigamba (patch) chathu choyamba pa driver ya Linux yomwe inkachititsa vutoli. Chinachotsadi kuumako, koma chinabweretsa vuto loopsa kuposa loyambalo, ndipo ine ndinali mmodzi mwa anthu awiri omwe anachiwerenga n'kuchivomereza.

Zomwe tinali nazo

Driver yake ndi ya khadi la PCIe lomwe limalandira zoyezedwa kuchokera ku zipangizo n'kuzithira mu memory kudzera pa DMA, njira yomwe khadi limalembera mu memory osadutsa pa CPU. Ndi module yomangidwa kunja kwa kernel yaikulu, ndipo nthawi imeneyo inkayenda pa Linux 5.10, pa makina a x86-64. Pulogalamu ya pamwamba imapempha ma buffer kudzera pa ioctl (njira yotumizira lamulo kwa driver), ena imawalumikiza ku memory yake ndi mmap, ena imawawerenga ndi ioctl ina yomwe imakopera deta ndi copy_to_user, ndipo ikathana nawo imawabweza. Masamba (pages) a memory obwezedwawo driver imawasunga m'nkhokwe yake kuti isamavutitse kernel nthawi zonse, nkhokwe ikadzaza otsalawo amabwerera kwa kernel. Panalinso shrinker yoti kernel izitha kulanda masamba a m'nkhokwemo memory ikachepa.

Zonsezi zinkatetezedwa ndi mutex (loko wolola thread imodzi yokha panthawi) mmodzi, dev->lock. Amene analemba driver poyamba sindimamuona wolakwa pa chisankho chimenechi. Loko mmodzi ndi wosavuta kumumvetsa, ndipo kwa zaka driver inkayenda bwinobwino. Pulogalamu ya pamwamba ndi process imodzi ya ma thread ambiri. Ikamayamba imaitana mlockall kuti masamba ake asachoke mu RAM, ndipo njira yatsopano yoyezera ikatsegulidwa imachita mmap pomwe ma thread ena ali mkati mowerenga.

Masabata awiri oyamba tinawataya pa khadi. Tinkaganiza kuti firmware yake ikusiya DMA panjira, moti tinasintha makhadi n'kuwasinthanso. Kenako tinakayikira kuchepa kwa memory, koma inali yambiri ndipo swap inali yozimitsa. Yankho linali poyera kuyambira tsiku loyamba, kungoti sitinaliwerenge. Kuti ps isonyeze dzina lonse la pulogalamu imawerenga /proc/PID/cmdline, ndipo kuwerenga kumeneko kumalowa mu memory ya process inayo, zomwe zimafuna mmap_lock yake. Ameneyu ndi loko yemwe kale ankatchedwa mmap_sem asanasinthidwe dzina mu 5.8. Ngati ps ikuima pa process imodzi yokhayokha, pali wina amene wagwira mmap_lock ya process imeneyo ndipo sakuitaya. Load average nayo inali kunena zomwezo, paja Linux imawerengera pamodzi ndi ntchito zomwe zili mtulo ta D, zodikira popanda kudzutsika. Thread iliyonse yofuna memory yatsopano inkafika n'kuima pamzere.

Tsiku lomwe sanazimitse makina

Ndinapempha chinthu chimodzi kwa oyang'anira makina: zikachitikanso, chonde musazimitse, mundiimbire kaye. Zitachitika, dmesg inali ndi uthenga womwe unkabwera nthawi zonse koma palibe ankauwerenga mpaka pansi, wonena kuti ntchito yakutiyakuti yakhala yotsekeredwa kupitirira masekondi 120. Tinalemba w mu /proc/sysrq-trigger kuti tione ntchito zonse zodikira, kenako c kuti kdump itisungire chithunzi cha memory yonse.

Pa ma thread onse oumawo, awiri okha ndi amene anali ndi nkhani. Yoyamba inali motere, kuwerenga kuchokera pansi:

```
rwsem_down_read_slowpath
down_read
do_user_addr_fault
exc_page_fault
asm_exc_page_fault
copy_user_enhanced_fast_string
_copy_to_user
[ioctl yathu yowerenga]
```

Yachiwiri:

```
__mutex_lock
[mmap ya driver yathu]
mmap_region
do_mmap
vm_mmap_pgoff
```

Mu crash, chida chowerengera chithunzi cha memory chija, tinatsegula mutex wathu n'kuona mwini wake: thread yoyamba. Tinatsegula mmap_lock: mwini wake, wogwira molemba, anali thread yachiwiri. Ndiye kuti yoyamba inatenga dev->lock, inayamba kukopera deta kupita ku memory ya pulogalamu, tsamba lolandira linali losafikirika, CPU inadzutsa page fault (kuitana kernel kuti ikonze tsambalo), ndipo kuti kernel ikonze page fault imayenera kugwira mmap_lock mowerenga. Pomwepo n'kuti yachiwiri italowa kale mu mmap. Kernel imagwira mmap_lock molemba isanaitane mmap ya driver iliyonse, ndipo mmap yathu inkafuna dev->lock kuti ipeze buffer. Aliyense wagwira chomwe mnzake akufuna, palibe wotaya, palibenso womulanda. Ndi zinthu zinayi zija zomwe Coffman ndi anzake anafotokoza mu 1971 kuti zikakumana pamakhala deadlock (kudikirana kosatha), zonse zili pamalo amodzi.

Chomwe chinandiimitsa mutu n'chakuti mu fayilo yathu yonse munalibe mzere ndi umodzi womwe wotchula mmap_lock. Munthu atha kuwerenga ioctl imeneyo kakhumi osaona loko wachiwiri. Loko ameneyu ali mkati mwa copy_to_user, ndipo amagwiridwa pokhapokha tsamba likasowa. Kuyambira tsiku limenelo copy_to_user, copy_from_user, get_user ndi put_user ndimaziwerenga ngati kuti palembedwa kuti gwira mmap_lock.

Nanga page fault inachokera kuti?

Funso limeneli linatizunguza kwambiri, chifukwa pulogalamu inali itaitana mlockall, swap kulibe, ndipo masamba olandira deta anali atagwiritsidwa ntchito kambirimbiri. Tonse tinkakhulupirira kuti tsamba lokhomedwa ndi mlock silingadzutsenso page fault. Si zoona. Lonjezo la mlock ndi lakuti tsamba likhala mu RAM. Silinena kuti kernel sidzakhudza page table, kapena kuti tsambalo silidzasamutsidwa.

Chomwe chinatsitsa dzaye chinali kusiyana kwa makina. Seva zomwe zinkauma zinali za ma socket awiri, pomwe makina athu oyesera anali a socket imodzi. Pa makina a ma node angapo a NUMA, monga pomwe socket iliyonse ili ndi memory yake yapafupi, kernel imakhala ndi njira yotchedwa NUMA balancing, yoyendera memory ya process nthawi ndi nthawi n'kumatseka dala masamba ena, kuti akakhudzidwanso page fault iulule CPU yomwe ikuwagwiritsa ntchito, kenako tsamba lisamutsidwire kufupi nayo. Tinayang'ana numa_hint_faults mu /proc/vmstat: pa seva nambala inkakwera mosalekeza, pa makina oyesera inali pa 0. Choncho kuti makina aume panafunika kuti tsamba lolandira likhale litangotsekedwa kumene, ioctl ikhale yagwira dev->lock, ndipo mmap ilowe m'kamphindi komweko. N'chifukwa chake zinkatenga masiku.

Tsiku lomwelo tinaika kernel.numa_balancing pa 0 pa seva zonse, ndipo kuuma kunaleka. Akuluakulu a ntchitoyo anafunsa ngati sitingangosiyira pomwepo, popeza makina akuyenda. Funsolo linali lomveka, koma ndinakana. Kusamutsa masamba sikuchitika ndi NUMA yokha: compaction imasamutsa, khugepaged imaphatikiza masamba ang'onoang'ono kukhala aakulu, ndipo fork ikachitika masamba amatsekedwa kulemba mpaka atakopedwa. Kuposa apo, aliyense wokhala ndi chilolezo chotsegula chipangizocho akanatha kupereka tsamba lomwe sanalikhudzepo n'kuumitsa driver mwadala, kusiya process yosapheka mpaka makina atazimitsidwa. Kuti ndiwaonetse, ndinalemba pulogalamu yaifupi ya ma thread awiri. Ina imataya tsamba lolandira ndi madvise ya MADV_DONTNEED n'kuitana ioctl yowerenga, mobwerezabwereza, inayo imangochita mmap ndi munmap. Pa makina a socket imodzi aja, omwe anali asanaumepo, zinauma m'masekondi ochepa.

Panali chinanso chomwe chinandiwawa. Lockdep, chida cha kernel choyang'anira ndondomeko ya maloko chomwe chilipo kuyambira 2.6.18 mu 2006, chimagwira vuto ngati ili popanda kudikira kuti makina aume. Chimangofunika kuona kamodzi A akugwiridwa B asanagwiridwe, kwina B asanagwiridwe A, basi chimakuwa. Ndipo copy_to_user imaitana might_fault, yomwe pa kernel yoyesera imauza lockdep kuti pano mmap_lock ingagwiridwe, ngakhale page fault isachitike. M'zolemba zathu zakale munali mzere woti driver inayesedwa ndi lockdep ndipo panalibe chovuta. Nditamanga kernel yokhala ndi CONFIG_PROVE_LOCKING ndi CONFIG_DEBUG_ATOMIC_SLEEP n'kuyendetsa mayeso, nanenso sindinaone kanthu, makina n'kuuma lockdep ili chete. Chifukwa chake chinali kumayambiriro kwa dmesg, mzere umodzi wakuti "Disabling lock debugging due to kernel taint". Makina oyeserawo ankalowetsa module ina yosakhala ya GPL poyaka, ndipo zikatero kernel imazimitsa lockdep. Titaichotsa module imeneyo, lockdep inatulutsa chithunzi chonse cha maloko awiriwa pa ioctl yoyambirira. Dziwaninso kuti lockdep ikalankhula kamodzi imadzizimitsa mpaka makina atayatsidwanso. Musakhulupirire kukhala chete kwake musanaone kuti debug_locks mu /proc/lockdep_stats ili pa 1.

Chigamba choyamba

Mbali ya mmap sitikanaisintha. Kernel ndi imene imasankha kuti mmap, komanso open, close ndi fault za mu vm_operations, ziziitanidwa mmap_lock ili m'manja. Ndondomeko ndi yoikika kale: mmap_lock kunja, loko wa driver mkati. Chotsala chinali kuonetsetsa kuti sitikhudza memory ya pulogalamu titagwira dev->lock.

Mnzanga analemba chigamba cha mizere yochepa: peza buffer utagwira loko, taya loko, kopera deta, gwiranso loko, lemba kuti yawerengedwa. Ndinachiwerenga, ndinachiona chaukhondo. Pulogalamu yanga youmitsa ija inayenda usiku wonse osauma, lockdep osadandaula. Tinachitumiza ku seva, n'kuyatsanso NUMA balancing, mitima inakhala pansi.

Patatha masabata angapo, munthu wina wosanthula zoyezedwa anatitumizira fayilo n'kufunsa chifukwa chake pakati pa manambala pali zilembo zowerengeka. Ndinaitsegula ndi hexdump. Pakati pa deta ya khadi panali kachigawo ka mabayiti 4096, tsamba limodzi lathunthu, kokhala ndi mizere ya log ya pulogalamu ina yosakhudzana ndi ife. Ndinangoti kakasi. Driver yathu inali itapereka memory ya wina kwa munthu wosayenera kuiona.

Nditabwerera ku chigamba chija ndinachiona nthawi yomweyo chomwe ndinachiphonya. Dev->lock ankagwira ntchito ziwiri, ife tinkaona imodzi. Ankateteza zolembedwa mu buffer, monga mmene ilili ndi kuchuluka kwa deta, komanso ndi iye amene ankachititsa kuti buffer ikhalepo. Ioctl yobweza buffer inkafuna loko yemweyo, choncho kale sikanatha kumasula masamba wina ali mkati mokopera. Titataya loko pakati, tinatsegula mpata: thread yowerenga ili ndi pointer m'manja, thread ina yotseka njira yoyezera ikubweza buffer yomweyo, masamba akupita kwina, yowerengayo ikupitiriza kukopera ngati palibe chachitika. Ndipo page fault yomwe kale inkaumitsa makina tsopano ndi imene inkatalikitsa mpatawo. Panalibe oops, uthenga womwe kernel imatulutsa ikagunda cholakwika, chifukwa pa x86-64 kernel imafikira RAM yonse nthawi zonse, ndipo kuwerenga tsamba lomasulidwa sikudzutsa chilichonse.

Choipitsitsa sichinali fayilo ya zilembo ija. Ija inaoneka chifukwa nkhokwe inali yodzaza, tsamba n'kubwerera kwa kernel n'kupatsidwa kwa wina. Nthawi zambiri masamba ankabwerera m'nkhokwe ya driver n'kuperekedwa kwa buffer ya njira ina yoyezera. Pamenepo deta yolakwika inali manambala ooneka bwinobwino, kungoti a chipangizo china. Munthu sangazindikire ndi maso.

Tinabwezeretsa driver yakale tsiku lomwelo, NUMA balancing n'kuizimitsanso. Pakati pa makina oti angaume ndi makina opereka deta yabodza mwakachetechete, tinasankha oyambawo.

Pofuna kuti race imeneyi, mpikisano wa ma thread awiriwa, izichitika pomwe tafunira, ndinagwiritsa ntchito userfaultfd, yomwe imalola pulogalamu kugwira page fault n'kuisunga nthawi yonse yomwe ikufuna. Ofuna kuthyola kernel amaikonda pa chifukwa chomwechi, n'chifukwa chake pali vm.unprivileged_userfaultfd yoichepetsera mphamvu. Mayeso anali otere: yamba kuwerenga, imitsa kukopera pa tsamba loyamba lolandira, bweza buffer kuchokera ku thread ina, kenako masula page fault. Ndi kernel ya KASAN, chida chogwira code yokhudza memory yosayenera, ulendo woyamba sindinaone kanthu, ndipo ndinatsala pang'ono kukayikira maganizo anga. Buffer yoyesera inali ya tsamba limodzi, ndipo KASAN imafufuza memory yochokerako kukopera kusanayambe, osati kuli mkati. Nditaikulitsa kufika masamba angapo, kuti loop ibwerenso kudzatenga tsamba lachiwiri buffer itamasulidwa kale, uthenga wa use-after-free unatuluka ndi malo onse atatu: pomwe memory inapemphedwa, pomwe inamasulidwa, ndi pomwe inawerengedwa.

Mavuto a mtundu uwu si a ma driver ang'onoang'ono okha. Dirty COW, CVE-2016-5195, inali race mkati mwenimweni mwa code ya memory ya Linux, inakhalamo kuyambira 2.6.22 ya 2007 mpaka 2016, ndipo oigwiritsa ntchito ankadalira madvise ya MADV_DONTNEED yomweyi kuti asinthe zinthu pakati pa masitepe awiri omwe kernel inkawayesa otsatizana.

Kukonza kwenikweni

Ulendo uno tinayamba ndi pepala, osati code. Tinalemba chinthu chilichonse cha mu driver, n'kuyankha mafunso awiri pa chilichonse: ndani amateteza zolembedwa zake, ndipo n'chiyani chimachititsa kuti chikhalebe ndi moyo.

Tinaganizira njira zitatu. Yoyamba inali kukopera deta mu memory yongoyembekezera ya kernel titagwira loko, kenako kutaya loko n'kuipereka kwa pulogalamu. Ndi njira yabwino kwambiri pa zinthu zazing'ono, ndipo tinaigwiritsa ntchito pa ma ioctl onse ofunsa mmene zinthu zilili. Pa deta ya ma megabyte ambiri kukopera kawiri kukanatidyera liwiro. Yachiwiri ndi yomwe code yolembera mafayilo mu kernel imachita: kukhudza masamba a pulogalamu loko asanagwiridwe, kenako kukopera page fault ili yoletsedwa, zikakanika kutaya loko n'kuyambiranso. Imagwira ntchito, koma ikanasiya loko ali m'manja nthawi yonse yokopera, komanso njira yobwerezayo ndi malo ena oti munthu alakwitsepo. Tinatenga yachitatu: buffer iliyonse ikhale ndi kref yake, chiwerengero cha onse oigwira.

Lamulo lake ndi lakuti aliyense wogwira buffer akhale ndi gawo lake pa chiwerengerocho. Tebulo losungira ma buffer lili ndi limodzi, VMA (chigawo cha memory ya process, monga chopangidwa ndi mmap) iliyonse yolumikizidwa ili ndi lake, DMA iliyonse yomwe ili paulendo ili ndi lake, wokopera aliyense chimodzimodzi. Ioctl yobweza simasulanso kanthu. Imangochotsa buffer pa tebulo itagwira loko, n'kutaya gawo la tebulolo loko atatayidwa. Womaliza kutaya ndi amene amamasula. Tinasankha dala kuti tebulo likhale ndi gawo lakelake, chifukwa zikatero chilichonse chomwe wachipeza pa tebulo utagwira loko ndi chamoyo, ndipo sitinafunikire kref_get_unless_zero ndi kusamala konse komwe imafuna. Popeza womaliza atha kukhala DMA yomwe imamalizikira mu interrupt, pomwe sungagone, kumasula kwenikweni tinakupereka kwa workqueue, yomwe imagwira ntchitoyo pambuyo pake, pamalo pomwe kugona n'kololedwa.

Apa mnzanga yemwe analemba chigamba choyamba uja ndi amene anaona chomwe ine ndikanaphonyanso. Kref imasunga buffer kuti isafe, koma siletsa thread ina kuibwezera kwa khadi kuti lithiremo deta yatsopano wina akukopera. Tinaonjezera chiwerengero cha owerenga, chosinthidwa loko ali m'manja, ndipo ioctl yobwezera buffer kwa khadi imayankha -EBUSY ngati pali wowerenga. Wowerenga akagwiranso loko atamaliza kukopera, saganiza kuti zinthu zili mmene anazisiyira, amayang'ananso kaye.

Polumikiza ma VMA ku kref tinapezanso cholakwika chakale chomwe chinali chisanatilumepo. Driver inali ndi close mu vm_operations koma inalibe open. Kernel imaitana open VMA ikagawika pawiri, monga pulogalamu ikachita mprotect kapena munmap pa gawo chabe, komanso ikakopedwa pa fork, ndipo chidutswa chilichonse chimadzaitana close pachokha. Popanda open, close imabwera kawiri pa gawo limodzi. Pa mmap yoyamba open siitanidwa, choncho gawo loyambalo mmap ya driver iyenera kudzitengera yokha.

Vuto lachitatu, lomwe linali lisanachitike

Mayeso a ulendo uno tinawakhwimitsa. Kuwonjezera pa ma thread omenyana aja, tinayatsa makina ndi memory yochepetsedwa pogwiritsa ntchito mem= n'kuyendetsa pulogalamu yodya memory pambali. Pasanapite nthawi lockdep inalankhula za chinthu chatsopano: dev->lock ndi fs_reclaim.

Fs_reclaim si loko weniweni. Ndi chizindikiro chomwe kernel imapereka kwa lockdep chonena kuti pano tili mkati molanda memory, kapena tingalowemo. Ioctl yathu yopempha buffer inkaitana alloc_pages ndi GFP_KERNEL itagwira dev->lock. Memory ikachepa, pempho la GFP_KERNEL limatha kulowa lokha m'ntchito yolanda masamba, n'kuitana ma shrinker onse olembetsedwa, kuphatikizapo yathu. Ndipo shrinker yathu inkayamba ndi kugwira dev->lock. Thread imodzi ikanadzidikira yokha mpaka kalekale. Pa seva sizinachitikepo chifukwa memory inali yambiri, ndipo m'mayeso a chigamba choyamba lockdep sinazione chifukwa shrinker inali isanaitanidwepo. Lockdep imadziwa njira zokhazo zomwe code yadutsamo.

Wina anati tingosintha kukhala GFP_NOFS. Sizikanathandiza, chifukwa ma shrinker amaitanidwabe, ndipo ndi udindo wa shrinker iliyonse kuyang'ana gfp_mask yomwe yapatsidwa. GFP_ATOMIC nayo tinaikana: imadya memory yosungidwira zadzidzidzi, ndipo imakanika pa nthawi yomweyo yomwe memory yachepa. Tinasamutsa kupempha memory kuti kuzichitika loko asanagwiridwe, ndipo ngati titagwira loko tapeza kuti buffer sikufunikanso, timangoibweza. Nkhokwe tinaipatsa spinlock wakewake, yemwe amagwiridwa pongochotsa kapena kuika tsamba pa mndandanda, ndipo shrinker siidziwanso dev->lock.

Kuti vuto lotere lisadzadikirenso memory kuchepa lisanaoneke, module ikamalowa timaphunzitsa lockdep ndondomekoyo: fs_reclaim_acquire, might_lock pa loko wa nkhokwe, fs_reclaim_release. Aliyense amene adzapemphe memory yotha kulanda atagwira loko ameneyo adzamva pa mayeso oyamba. Function iliyonse yofuna loko tinaiika lockdep_assert_held, ndipo pamwamba pa fayilo tinalemba ndondomeko ya maloko, monga mmene mm/rmap.c imachitira ndi ya kernel: mmap_lock, kenako dev->lock, kenako loko wa nkhokwe, ndi mizere iwiri yoti pansi pa dev->lock sitikhudza memory ya pulogalamu, pansi pa loko wa nkhokwe sitipempha memory.

Zomwe zinatsatira

Driver yatsopano tinaiyamba pa seva imodzi, NUMA balancing ili yoyaka, kenako pa zonse. Papita miyezi tsopano, kuuma sikunabwerenso, ndipo numa_hint_faults ikukwerabe ngati kale, kusonyeza kuti page fault zija zikuchitikabe mkati mwa kukopera popanda kuvulaza. Liwiro linakwerako pang'ono chifukwa ma thread sakudikirananso pa loko mmodzi nthawi yokopera. Mapulogalamu awiri oyesera aja, wa madvise ndi wa userfaultfd, amayenda pa chigamba chilichonse chatsopano, pa kernel ya lockdep ndi ya KASAN, ndipo mayeso amawerengedwa kuti alephera ngati pamapeto debug_locks sili pa 1.

Pokonzekera kusamukira ku kernel yatsopano wina anafunsa ngati maloko a VMA iliyonse payokha, omwe analowa mu 6.4, sakanathetsa vuto loyamba lija mwaokha. Titawerenga do_user_addr_fault tinapeza kuti njira yachiduleyo imayesedwa pa page fault zochokera ku pulogalamu. Zochokera mkati mwa kernel, ngati za copy_to_user, zimapitabe ku mmap_lock. Lamulo la pamwamba pa fayilo lija tinalisiya mmene lilili.

Deta ya masabata omwe chigamba choyamba chinali pa seva ndi imene sitinathe kuikonza. Tinayerekeza nthawi zomwe njira zoyezera zinkatsekedwa ndi nthawi za mafayilo, tinapeza mafayilo omwe akanatha kukhudzidwa, koma panalibe njira yotsimikizira tsamba ndi tsamba kuti ili n'lolondola, ili ayi. Tinalembera onse ogwiritsa ntchito detayo, tinawafotokozera zomwe zinachitika ndi masiku ake, mafayilo okayikitsa tinawaika chizindikiro, ndipo zoyeza zomwe zinali zotheka kubwereza zinabwerezedwa. Zina sizinali zotheka kubwereza, ndipo mafayilo ake akadali ndi chizindikirocho.